Chitsulo cha mu mchenga wa ku Senga Bay chinachokera kuti?

Mukafika pagombe la ku Senga Bay m'mawa, mwera utawomba usiku wonse, yang'anitsitsani pamene mafunde akufika n'kubwerera. Kawirikawiri pa mchenga woyera pamatsala timizere takuda, ngati wina wamwazapo phulusa la makala. Tengani maginito a mu sipika ya wailesi yakufa, muwakulunge m'kajumbo, muwakokere pa mchenga wakudawo pomwe pauma. Timchenga tina tikakamira n'kuima njo ngati ubweya. M'timchenga timeneto muli chitsulo chogwirana ndi okosijeni. Mchenga woyera wotsalawo, mbali yake yaikulu ndi silikoni ndi okosijeni, ndipo madzi amene akukunyowetsani mapazi ndi haidirojeni ndi okosijeni.

Dziko lapansi silipanga chitsulo. Ng'anjo za makolo athu, ndi mvukuto zake, zinkangolekanitsa chitsulo ndi mwala umene chinabisalamo. Chitsulocho chinalipo kale dziko lisanaumbike, ndipo kuti tidziwe komwe chinachokera tiyenera kuyamba ndi kamangidwe ka atomu.

Atomu iliyonse ili ndi njere pakati, ndipo m'njeremo muli tizinthu tiwiri: mapulotoni ndi manyutuloni. Kunja kwake kumazungulira maelekitironi. Chimene chimasiyanitsa elementi (mtundu wa atomu) ina ndi inzake ndi chiwerengero cha mapulotoni basi. Haidirojeni ali ndi pulotoni imodzi, hiliyamu 2, kaboni 6, nayitirojeni 7, okosijeni 8, silikoni 14, kashiamu 20, chitsulo 26, golide 79, yureniyamu 92. Moto wa pa mbaula, kuwira kwa thobwa, dzimbiri la khasu, zonsezi ndi maatomu akusinthana maelekitironi, njere zake osakhudzidwa. Kuti kaboni asanduke okosijeni pafunika kuwonjezera mapulotoni m'njere, ndipo apa ndi pamene pali vuto, chifukwa mapulotoni amakankhana monga amachitira maginito awiri mukawayandikizitsa mbali zofanana. Amagwirana pokhapokha atagundana ndi liwiro loopsa, kutanthauza kutentha kwa madigiri mamiliyoni. Kutentha kotere kunakhalapo pachiyambi pa chilengedwe kwa kanthawi, ndipo lero kumapezeka m'kati mwa nyenyezi.

Wina angafunse kuti munthu amadziwa bwanji zomwe zili m'nyenyezi poti sanafikeko. Thirani mchere pang'ono pa lawi la moto, muona likuyaka chikasu. Waya wa mkuwa amapereka lawi lobiriwira. Elementi iliyonse ili ndi mitundu yakeyake ya kuwala imene imatulutsa kapena kumeza. Kuwala kwa nyenyezi kukamwazidwa ndi galasi ngati utawaleza, kumaoneka ndi timizere pa malo odziwika, ndipo timizereto ndi chidindo cha elementi iliyonse. Mwa njira imeneyi hiliyamu anapezeka koyamba pa dzuwa mu 1868, ndipo pansi pano anadzapezeka mu 1895. Mu 1925 Cecilia Payne, akuphunzira ku Harvard, anawerengera timizereti n'kupeza kuti nyenyezi zinapangidwa makamaka ndi haidirojeni ndi hiliyamu. Akuluakulu a nthawiyo anakana, poti ankakhulupirira kuti dzuwa linapangidwa ndi zinthu zofanana ndi za dziko lapansi. Patapita zaka zinayi zinadziwika kuti mayiyu ndiye ankalondola.

Timizere tomweti tinaululanso china. Imani m'mbali mwa msewu wa M5 njinga yamoto ikudutsa ikuliza hutala. Ikamabwera mawu ake amamveka okwera, ikadutsa amatsika. Kuwala nakonso kumatero: chinthu chikamatalikira, timizere take timasunthira ku mbali yofiira. Vesto Slipher anayamba kuyeza zimenezi mu 1912 ndipo anapeza kuti milalang'amba yambiri, magulu akuluakulu a nyenyezi, ikutithawa. Mu 1927 Georges Lemaître, wansembe wa Katolika wa ku Belgium yemwenso anali katswiri wa masamu, anafotokoza kuti thambo lenilenilo likufutukuka. Mu 1929 Edwin Hubble anaonetsa kuti mlalang'amba ukakhala kutali kwambiri, umathawanso mwaliwiro kwambiri. Ganizirani mtanda wa buledi wothira isiti, wokhala ndi mtedza m'kati. Mtanda ukamatupa, mtedza uliwonse umaona anzake onse akuutalikira, akutali kwambiri ndiwo mofulumira, ngakhale palibe mtedza umene ukuyenda wokha. Tikabweza nthawi m'mbuyo, zonse zinali zothinana ndi zotentha zedi, zaka 13.8 biliyoni zapitazo.

Chiwerengero chimenechi sichinabwere mophweka. Hubble analakwitsa mitunda ya milalang'amba, anaiyesa yapafupi, moti liwiro la kufutukuka linamutulukira lalikulu pafupifupi kasanu ndi kawiri kuposa lenileni. Zotsatira zake zinali zoti chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi 2 biliyoni, chocheperapo msinkhu kuposa miyala ina ya padziko. Mwana sangabadwe make asanabadwe, choncho ambiri anakayikira ganizo lonselo mpaka m'ma 1950, pomwe Walter Baade anapeza kuti nyenyezi zomwe ankayezera mitunda zinali za mitundu iwiri yosiyana ndipo zinkasokonezedwa. Dzina loti Big Bang analitchula ndi Fred Hoyle pa wailesi ya BBC mu 1949, iye mwini asakugwirizana nalo ganizolo. Dzinali limasocheretsa, chifukwa limapatsa munthu chithunzi cha bomba lophulika pamalo amodzi. Panalibe malo oti n'kuloza kuti apa ndi pomwe panaphulikira. Paliponse panali potentha, ndipo paliponse panafutukuka.

Sekondi imodzi itadutsa, kutentha kunali pafupifupi madigiri 10 biliyoni. Panali mapulotoni, manyutuloni, maelekitironi ndi kuwala kochuluka, popanda njere ya elementi iliyonse kupatula haidirojeni. Sitepe yoyamba yomangira njere ndi yoti pulotoni imodzi igwirane ndi nyutuloni imodzi, kupanga haidirojeni wolemera wotchedwa deuterium. Koma mgwirizano umenewu ndi wofooka, ndipo kuwala kwamphamvu kunkauphwanya ukangopangika. Panafunika kudikira pafupifupi mphindi zitatu kuti kutentha kutsike kufika madigiri 1 biliyoni. Kudikirako kunali ndi mtengo wake, chifukwa nyutuloni yokhala payokha sikhalitsa: pa mphindi khumi zilizonse theka la manyutuloni limasanduka mapulotoni. Pomwe njira imatseguka, panali patatsala nyutuloni imodzi pa mapulotoni asanu ndi awiri aliwonse.

Masamu ake mwana wa sekondale angawachite pa bolodi. Tengani manyutuloni 2 ndi mapulotoni 14, zonse pamodzi 16. Njere ya hiliyamu imafuna manyutuloni 2 ndi mapulotoni 2. Mupanga hiliyamu mmodzi wolemera 4, ndipo mapulotoni 12 atsala okha ngati haidirojeni. Magawo 4 mwa 16 ndi kota. Akayeza mitambo ya mpweya yakale kwambiri kuthambo, amapeza zomwezo: pafupifupi 75 peresenti ya kulemera kwake ndi haidirojeni, 25 peresenti ndi hiliyamu. Mwa umboni wonse wa Big Bang, uwu ndi umene uyenera kuphunzitsidwa kwambiri, chifukwa ndi woti munthu atha kuwerengera yekha.

Nanga bwanji ntchitoyi sinapitirire mpaka kaboni ndi chitsulo? Palibe njere yokhazikika yolemera 5 (ndiye kuti ya mapulotoni ndi manyutuloni 5 onse pamodzi), ndipo palibenso yolemera 8. Mukawonjezera pulotoni kapena nyutuloni pa hiliyamu, imagwa nthawi yomweyo. Mukaphatikiza mahiliyamu awiri, amalekana. Zili ngati makwerero othyoka masitepe awiri oyambirira. Pomatha mphindi pafupifupi 20, thambo linali litazizira ndi kumwazikana, ng'anjo yazima. Chinatsala ndi haidirojeni, hiliyamu ndi kalifiyamu kochepetsetsa. George Gamow ndi Ralph Alpher, omwe anayamba kuwerengera zimenezi mu 1948, ankayembekeza kuti maelementi onse anapangidwa nthawi imeneyi, ndipo anakakamira pa masitepe othyokawa.

Patatha zaka 380,000 kutentha kunatsika kufika madigiri pafupifupi 3,000, maelekitironi anakhazikika pa njere, ndipo kuwala kunayamba kuyenda mosatchingidwa. Kuwala kumeneko kudakalipo, koma kwazizira mpaka madigiri 270 pansi pa ziro. Arno Penzias ndi Robert Wilson anakupeza mosayembekezera mu 1964 ku New Jersey, pomwe mlongoti wawo unkamva kaphokoso kosatha kochokera mbali zonse. Anayesa kuti ndi zitosi za nkhunda zomwe zinamanga chisa mu mlongotiwo, anazikolopa, kaphokosoko osachoka. Masetilaiti a COBE ndi Planck anadzapeza kuti kuwalaku kumasiyana pang'ono chabe malo ndi malo, gawo limodzi mwa 100,000. Malo othinana pang'onowo ndi amene mphamvu yokoka inawaunjika kwa zaka mamiliyoni mpaka nyenyezi zoyamba zinayaka. Makina oonera zakutali a James Webb, omwe anatumizidwa kuthambo pa 25 December 2021, aona kale milalang'amba yomwe inalipo chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi 300 miliyoni zokha.

Nyenyezi ndi mtambo wa mpweya umene wadzipanikiza ndi kulemera kwake mpaka pakati pake patentha moti mapulotoni ayamba kugwirana. Dzuwa lathu pakati pake pali madigiri 15 miliyoni. Sekondi iliyonse limasandutsa matani pafupifupi 600 miliyoni a haidirojeni kukhala hiliyamu. Njere ya hiliyamu imapepukirako ndi 0.7 peresenti poyerekeza ndi mapulotoni anayi amene anaipanga, ndipo kulemera kosowako, matani oposa 4 miliyoni pa sekondi, ndiko kumasanduka mphamvu. Kuwala kwake kumayenda makilomita 150 miliyoni pa mphindi zisanu ndi zitatu n'kudzagwera pa usipa woyanika pa thandala, ndi pa mapanelo a siteshoni ya magetsi a dzuwa ya ku Salima, ya mamegawati 60, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2021. Hans Bethe ndiye analongosola masitepe ake mu 1939.

Dzuwa siliphulika kamodzi n'kutha pa zifukwa ziwiri. Choyamba, sitepe yoyamba ndi yochedwa kwambiri: mapulotoni awiri akagundana, imodzi iyenera kusanduka nyutuloni pa kamphindi komweko, ndipo izi zimachitika mwa apo ndi apo moti pulotoni imadikira zaka mabiliyoni. Chachiwiri, nyenyezi imadziwongolera yokha. Moto ukakula, pakati pamatupa n'kuzizirako, moto n'kuchepa. Ukachepa, kulemera kumapanikiza, patenthanso. Dzuwa lakhala chomwechi zaka 4.6 biliyoni ndipo lidzapitiriza zaka zina pafupifupi 5 biliyoni.

Haidirojeni wa pakati akatha, pakatipo pamafinyika mpaka madigiri 100 miliyoni, ndipo apa ndi pomwe masitepe othyoka aja amadumphidwa. Mahiliyamu awiri akagundana amapanga beriliyamu wolemera 8, amene amasweka mwamsanga moti sekondi mutaigawa mabiliyoni, n'kugawanso gawolo mamiliyoni, mungoyandikira chabe nthawi yake. Koma m'nyenyezi muli mothinana, ndipo nthawi ilipo yambiri, choncho nthawi zina hiliyamu wachitatu amafika beriliyamuyo asanasweke, n'kupangika kaboni wolemera 12. Edwin Salpeter anafotokoza njirayi mu 1952, koma masamu ankaonetsa kuti kaboni wotuluka ndi wochepa kwambiri kuyerekeza ndi amene alipo. Mu 1953 Hoyle yemwe uja anati njere ya kaboni iyenera kukhala ndi mulingo wina wa mphamvu, pafupi ndi 7.65 MeV (muyeso wa mphamvu za m'njere), woti uzilandira mahiliyamu atatuwo mosavuta, monga ng'oma imalirira bwino ikakungidwa pa mulingo wake. Gulu la William Fowler ku yunivesite ya Caltech ku America linayeza ndipo linaupeza pomwe iye ananena. Mu 1957 Margaret Burbidge, Geoffrey Burbidge, Fowler ndi Hoyle analemba pamodzi njira zonse zomwe nyenyezi zimapangira maelementi, ndipo zambiri mwa zomwe analembazo zidakagwirabe ntchito. Kaboni wa m'makala, wa mu nsima, wa mu shuga wa ku Dwangwa, yense anadutsa pa kampata kameneka. Kaboni akalandira hiliyamu wina amasanduka okosijeni. Nayitirojeni wa mu feteleza wa yuriya amapangika kuchokera kwa kaboni ndi okosijeni m'nyenyezi zomwe zikuwotcha haidirojeni.

Dzuwa lidzalekera pomwepo. Lidzatupa n'kufiira, lidzataya mpweya wake wakunja, ndipo padzatsala chibulumwa chotentha cha kaboni ndi okosijeni, chachikulu ngati dziko lapansi. Zopitirira ndi nyenyezi zolemera kuposa dzuwa kasanu ndi katatu kapena kupitirira. Imodzi mutha kuiona ndi maso. Madzulo a December mpaka March, kukakhala kopanda mitambo, pezani nyenyezi zitatu zondondozana zomwe timati Akamwiniatsatana. Chakumpoto kwake kuli nyenyezi yowala mofiirira, Betelgeuse, yomwe ili kumapeto kwa moyo wake. Chakummwera kwake kuli kachifunga kooneka bwino ndi mabainokyula, komwe nyenyezi zatsopano zikubadwa panopa.

Nyenyezi yolemera ka 25 kuposa dzuwa imawotcha haidirojeni zaka pafupifupi 7 miliyoni, hiliyamu zaka zoposa 500,000, kaboni zaka mazana angapo, niyoni pafupifupi chaka chimodzi, okosijeni miyezi ingapo, ndipo silikoni, pa madigiri oposa 3 biliyoni, amatha pa masiku owerengeka. Phulusa la moto uliwonse limakhala nkhuni za wotsatira, koma nkhunizo zimanka zichepa mphamvu, ndipo mphamvu yambiri imathawa kudzera mu tizinthu totchedwa neutrino tomwe timadutsa m'chilichonse osaima. M'njiramo mumatuluka sodiyamu wa mu mchere, magineziyamu wa m'masamba obiriwira, fosifolasi, salifa ndi kashiamu wa m'mafupa. Pomaliza nyenyeziyo imakhala ngati anyezi, chikamba chilichonse ndi elementi yake, pakati penipeni pali chitsulo.

Chitsulo ndi mapeto a njira. Njere za chitsulo ndi nikelo ndi zomangika molimba kuposa zina zonse, choncho kuziphatikiza sikutulutsa mphamvu, kumadya mphamvu. Chibulumwa cha chitsulo chikakula kufika kulemera pafupifupi 1.4 kuyerekeza ndi dzuwa, palibenso chochichirikiza. Chimagwera m'kati sekondi isanathe, ndipo chinthu chomwe chinali chachikulu ngati dziko chimadzatsala mpira wa manyutuloni wa makilomita pafupifupi 20, mtunda wa kuchokera pa boma la Salima kukafika ku Senga Bay. Mphamvu yotuluka, 99 peresenti yake imapita ndi ma neutrino, ndipo kotsalako n'kokwanira kumwaza zikamba zonse zakunja. Uku ndiye kuphulika kotchedwa supernova. Mfundo imene ambiri amaiphonya ndi yakuti chitsulo cha pakati chija sichituluka, chimaphwanyika pa kugwako. Chomwe chimamwazika ndi chatsopano, chopangika pomwe kuphulikako kukudutsa m'chikamba cha silikoni, ndipo chimayamba ngati nikelo wolemera 56, amene amasanduka kobalti pa masiku ochepa, kobaltiyo n'kusanduka chitsulo, theka lake pa masiku 77 aliwonse.

Izi zinaoneka ndi maso. Pa 23 February 1987 nyenyezi inaphulika mu Large Magellanic Cloud, kamlalang'amba kooneka ngati kamtambo chakummwera usiku wopanda mwezi, komwe kuwala kwake kumatenga zaka 168,000 kuti kufike kuno. Makina a pansi pa nthaka ku Japan, ku America ndi ku Soviet Union anagwira ma neutrino oposa 20 maola ochepa kuwalako kusanaoneke. Miyezi yotsatira kuwalako kunkachepa motsatira masiku 77 a kobalti aja. Palinso supernova ya mtundu wina: chibulumwa cha kaboni ndi okosijeni, chonga chomwe dzuwa lidzasiye, chikamalanda mpweya kwa nyenyezi inzake kapena kugundana nayo, chimayaka chonse nthawi imodzi osasiya kanthu. Theka kapena kuposerapo la chitsulo chomwe tili nacho linachokera kumeneku, kuphatikizapo magalamu pafupifupi anayi a m'thupi la munthu wamkulu, omwe ambiri ake ali m'magazi.

Maelementi olemera kuposa chitsulo amamangidwa ndi manyutuloni, poti iwo sakankhidwa ndi njere. Njere ikameza nyutuloni, nthawi zina nyutuloniyo imasanduka pulotoni, elementi n'kukwera sitepe imodzi. M'nyenyezi zokalamba zofiira izi zimachitika pang'onopang'ono kwa zaka zikwizikwi, ndipo mtovu wambiri wa m'mabatire a galimoto unapangika chonchi. Umboni wake anaupeza Paul Merrill mu 1952, ataona technetium m'nyenyezi zotere. Elementi imeneyi imatha yokha pa zaka mamiliyoni ochepa, choncho siikanapezeka m'nyenyezi ya zaka mabiliyoni pokhapokha ikupangika momwemo. Golide wambiri ndi yureniyamu yense, kuphatikizapo wa ku Kayelekera, amafuna chigumula cha manyutuloni pa sekondi imodzi kapena ziwiri. Pa 17 August 2017 makina a LIGO ndi Virgo anamva kugwedezeka kwa thambo kochokera ku mipira iwiri ya manyutuloni yomwe inagundana mu mlalang'amba wa NGC 4993, pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka 130 miliyoni. Kuwala komwe kunatsatira kunaonetsa kuti maelementi olemera angopangika kumene. Akatswiri akukanganabe ngati kugundana kotereku kokha kungakwanitse golide yense amene alipo, kapena pali mtundu wina wa supernova umene umathandizira.

Zomwazikazi zimasakanikirana ndi mitambo ya haidirojeni, n'kubadwamo nyenyezi zina. Mtambo umene unabala dzuwa unali utalandira kale phulusa la mibadwo yambiri ya nyenyezi, komabe maelementi onse olemera kuposa hiliyamu sanakwane 2 peresenti ya kulemera kwake. Dziko lathu linaumbika ndi kagawo kochepako. Mu mwala wogwa kuthambo umene unagwera ku Murchison ku Australia mu 1969 munapezeka timchenga takale kuposa dzuwa lenilenilo. Dziko lili losungunuka, chitsulo chambiri chinamira pakati, ndipo chotsala chinalowa m'miyala. Mvula imagumula miyalayo kumtunda, Linthipe ndi Bua n'kukokolola mchenga kupita nawo kunyanja, ndipo mafunde amapeta ngati lichero: mchenga wopepuka amaubweza, wolemera amausiya m'timizere takuda tija.

Pali pamodzi pomwe masamu a mphindi zoyambirira sakugwirizana ndi zomwe zikuoneka. Haidirojeni wolemera ndi hiliyamu amatuluka monga momwe anawerengera, koma lifiyamu, yemwe ali m'batire ya foni yanu, ayi. M'nyenyezi zakale kwambiri amapezeka wochepa katatu kapena kanayi kuposa amene Big Bang inayenera kusiya. Lifiyamu amapsa pa madigiri pafupifupi 2.5 miliyoni okha, choncho ena akuganiza kuti nyenyezizo zakhala zikumukokera m'kati pang'onopang'ono n'kumamuwotcha, pomwe ena akuyezanso liwiro la kugwirana kwa njere m'malabotale kuti aone ngati cholakwika chili m'masamuwo.